Denga la asibesitosi pa shedi ya malemu bambo: ndiliphwasule kapena ndilisiye?

Funso: Ndine kalipentala, ndimakhala kufupi ndi Chitakale ku Mulanje. Kuseri kwa nyumba yathu kuli shedi imene malemu bambo anga anamanga ndili mwana. Anafolera ndi malata otuwa, olemera, osachita dzimbiri, amene anagula pamene ankagwetsa nyumba zakale pa esiteti ina ya tiyi. Ndikufuna kuti shediyi ikhale malo anga ogwirira ntchito. Malata awiri anang'aluka nthambi ya mtengo wa mapeyala itagwera padenga nthawi ya namondwe wa Freddy, ndipo mphwanga akuti tingodula ndi gilayinda pong'alukapo n'kuikapo lata loonekera kuti muzilowa kuwala. Zidutswa zotsala akuti tifolere khola la nkhuku. Mnzanga wina wandiuza kuti malatawa ndi asibesitosi ndipo amapha. Chaka chatha ndinadulapo kale lata limodzi ndi sowo yamanja, ndinatuwa mutu wonse, kenako ndinamwa mkaka. Kodi ndadzipha kale? Nanga denga lonseli ndiliphwasule?

Yankho: Bambo, mnzanuyo sanakunamizeni, kungoti sanamalize kulongosola. Koma tisanafike uko, chonde mukamuuze mphwanu lero lomwe kuti gilayinda isakhudze dengalo. Pa zonse zimene mwalemba, maganizo a gilayindawo ndiwo andiimitsa mutu. Lata limene munadula chaka chatha silikundisowetsa tulo, ndipo ndifotokoza chifukwa chake. Denga limene langokhala phee pamwamba pa shedi silikundisowetsanso tulo. Gilayinda ndiye nkhani ina.

Asibesitosi si mankhwala osakaniza ku fakitale monga ambiri amaganizira. Ndi mwala wochita kukumba pansi, koma mwala wake ndi wachilendo. Miyala ina ukaiphwanya imasanduka mchenga. Uwu umanyotsoka ngati khonje n'kukhala ulusi, ndipo ulusiwo umapitiriza kugawika m'litali mwake mpaka kufika posaoneka ndi maso. Supsa ndi moto, suola, suchita dzimbiri, chiswe sichiudziwa n'komwe. Omanga a m'zaka za m'ma 1950, 1960 ndi 1970 ankauona ngati mdalitso. Ankausakaniza ndi simenti n'kuumba malata, mapaipi a madzi, matanki ndi matabwa a siling'i. Mu lata ngati lanulo asibesitosi amakhala magawo 10 mpaka 15 pa 100 aliwonse, kwinako ndi simenti. Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, kumene mvula ndi chiperoni zimadya lata lachitsulo mukuona, malata amenewa anali oyenera kukondedwa. Sachita phokoso mvula ikamagwa ndipo m'nyumba simutentha. Bambo anu sanagule chinthu chachabechabe. Pa nthawiyo unali katundu wa anthu odziwa zinthu.

Mwalawu sunkachokera kutali. Ku Zimbabwe ankakumba asibesitosi woyera ku Zvishavane, kumene kale kunkatchedwa Shabani, ndi ku Mashava. Ku South Africa ankakumba wabuluu cha ku Prieska ndi Kuruman, ndi wofiirira ku Penge. Ku Eswatini kunali mgodi wa Havelock. Ena mwa agogo athu amene anapita kukasaka ntchito m'maiko amenewa anagwira m'migodi yomweyi. Ndipo ndi komweko kumene mbali ina yaikulu ya choonadi inaululika. Mu 1960 dokotala wa ku South Africa, J.C. Wagner, ndi anzake awiri analemba za anthu 33 amene anapezeka ndi khansa yosowa kwambiri ya kakhungu kopyapyala kokuta mapapo, yotchedwa mesothelioma. Pafupifupi onse anali atakhalapo kufupi ndi asibesitosi wabuluu. Chodzidzimutsa chinali chakuti ena mwa iwo sanalowepo mu mgodi ngakhale tsiku limodzi. Anangokulira m'mbali mwa migodiyo, ankasewera pa milu ya zotsalira ali ana. Patapita nthawi zinadziwikanso kuti amayi amene ankangochapa ovolosi za amuna awo ankadwala matenda omwewo. Dziko la Britain linaletseratu asibesitosi mu 1999, maiko a European Union mu 2005, South Africa mu 2008, ndipo anansi athu a kutsidya kwa Muloza, a ku Mozambique, mu 2010. Ndakumbutsa za ana ndi amayi aja mwadala, chifukwa shedi yanu ili kuseri kwa nyumba, pamalo pamene ana amasewera ndi pamene mayi a kunyumba amayanika ufa ndi zovala.

Asibesitosi amavulaza akalowa m'mapapo. Kumugwira ndi manja sikudwalitsa. Satulutsa fungo kapena mpweya woipa uliwonse. Bola tiulusi tija tili tomangika mu simenti, lata lili ngati chisa cha mavu chimene chili pa tsindwi: mutha kukhala nacho zaka osalumidwa, kufikira tsiku limene wina adzachitokosa ndi ndodo. Gilayinda yaing'ono ija imazungulira maulendo oposa 10,000 pa mphindi imodzi. Sidula ngati mpeni, imapera. Imasandutsa simenti kukhala ufa, n'kumasula tiulusi tosawerengeka, n'kutiuluzira pamphuno penipeni pa munthu amene waigwira. Fumbi lotuwa limene mumaliona limagwa pansi msanga. Loopsa ndi limene simuliona, limene limayandama mu mpweya kwa maola ambiri, n'kutera pa matabwa, pa mashelefu, m'tsitsi ndi pa malaya, n'kudzukanso nthawi iliyonse munthu akadutsitsapo tsache. Fumbi la mumsewu thupi limalikola m'mamina ndi m'makhololo n'kulitulutsa. Tiulusi timeneti n'topyapyala kwambiri, timatsetsereka mpaka pansi penipeni pa mapapo, ndipo thupi silitha kutisungunula tonse. Timakhala momwemo, timalasalasa, pamabwera zipsera.

Matenda akuluakulu ochokera pamenepa ndi atatu. Oyamba ndi asbestosis, pamene mapapo amauma ndi zipsera mpaka munthu kumachita befu pokwera kamtunda kochepa. Awa amagwira makamaka anthu amene anapuma fumbi lambiri kwa zaka zambiri, monga a m'migodi ndi m'mafakitale. Achiwiri ndi khansa ya m'mapapo. Achitatu ndi mesothelioma ija, imene ilibe mankhwala ochiziratu ndipo imatha kubwera ngakhale fumbi limene munthu anapuma silinali lochuluka chotero. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mitundu yonse ya asibesitosi, woyera yemwe, imayambitsa khansa, kuphatikizapo ya pa kholingo ndi ya ziwalo zopanga mazira mwa amayi, ndipo limawerengera kuti anthu oposa 200,000 amamwalira chaka chilichonse padziko lonse chifukwa chopuma fumbili pantchito. Chimene chimapusitsa anthu ndi nthawi. Munthu sadwala mawa kapena chaka chamawa. Pamadutsa zaka 20, 30, ngakhale 40. Mnyamata amene wadula malata lero ali ndi zaka 22 angadzayambe kubanika ali ndi zidzukulu, ndipo palibe amene angadzakumbuke za shedi ya ku Chitakale.

Tsono funso lanu lija, loti kodi mwadzipha kale. Ayi, musadziikire maliro. Kudula lata limodzi, tsiku limodzi, ndi sowo yamanja, n'kosiyana kutali ndi kugwira ntchito m'fumbi zaka khumi. Sindingakunamizeni kuti palibiretu chiopsezo, chifukwa palibe mlingo wa fumbili umene akatswiri anautsimikiza kuti ndi wabwinobwino. Koma chiopsezo chimakula malinga ndi kuchuluka kwa fumbi ndi kubwerezabwereza kwake, ndipo anthu ochuluka amene anakumana nalo kamodzi ngati inu sadwala. Ngati munatsokomola tsikulo, chinakutsokomoletsani ndi fumbi la simenti. Kuthamangira kukajambulitsa chifuwa panopa sikungaonetse kanthu kokhudza lata limenelo, mungotaya ndalama ya minibasi.

Za mkaka zija, pepani, simuli nokha. Amisiri ambiri, owotcherera zitsulo, opopera penti, a m'zigayo, amakhulupirira kuti mkaka umatsuka fumbi m'chifuwa. Mkaka umapita m'mimba, fumbi limapita m'mapapo, njira zake sizikumana. Imwani mkaka chifukwa ndi chakudya chabwino, osati ngati mankhwala a fumbi. Palibe chakumwa, mankhwala a kuchipatala kapena a zitsamba amene amatulutsa tiulusi tikalowa. Zimene mungathe kuchita ndi zitatu. Musaonjezerepo fumbi lina. Ngati mumasuta fodya, siyani, chifukwa fodya ndi asibesitosi zikakumana m'mapapo amodzi chiopsezo cha khansa ya m'mapapo chimakwera koposa mmene chilichonse mwa ziwirizi chingachitire pachokha. Chachitatu, sungani nkhaniyi m'mutu. Kwathu kuno munthu akamatsokomola, kuonda ndi kumva kupweteka m'nthiti, aliyense amaganiza za chifuwa chachikulu, ndipo nthawi zambiri amakhala akulondola. Koma tsiku lina mukadzapita kuchipatala ndi chifuwa chosamva mankhwala, kapena akadzakuuzani kuti m'chifuwa muli madzi, mudzawauze adokotala nokha kuti munagwirapo asibesitosi. Si onse amene amakumbukira kufunsa ntchito imene wodwala ankagwira kale.

Kodi malata anuwo ndi asibesitosi ndithu? Ndi maso palibe angalumbire, ngakhale ine. Chitsimikizo chimachokera ku labotale, kumene amayang'ana kachidutswa ndi makina okuza tinthu tating'ono. Masiku ano kulinso malata a simenti ofanana nawo maonekedwe amene mulibe asibesitosi, opangidwa ndi ulusi wa mitengo ndi wa pulasitiki. Koma malata otuwa, ochindikala, olemera, osagwira maginito, osalira ngati chitsulo ukawagogoda, ochokera pa nyumba zimene zinali zakale kale pamene inu munali mwana, amenewo atengeni kuti ndi asibesitosi basi. Mukayang'anitsitsa pong'alukapo, osakhudza, mwina muona timatsitsi totuwa titatulukira m'mphepete. Musathyole kachidutswa kuti muone bwino. Kuyesa kotero ndiye kutokosa mavu kuja.

Nanga kuphwasula denga lonse? Ine ndingakulangizeni kuti mulisiye, ngati malata enawo ali athunthu ndipo sakufumbutuka mukawayang'ana. Anthu ambiri akamva za kuopsa kwa asibesitosi amathamangira kugwetsa denga Loweruka limodzi ndi anyamata aganyu, nyundo ndi chitsulo chozulira misomali, malata kumaponyedwa pansi n'kumasweka. Tsiku limodzi limenelo limatulutsa fumbi loposa limene dengalo likanatulutsa pa zaka zambiri litangosiyidwa. Kenako pakhomo pamatsala mulu wa zidutswa umene palibe akudziwa kokautaya. Kuphwasula kumakhala koyenera denga likafika pofumbutuka lokha, likang'aluka malo ambiri, kapena mitanda yake ikadyeka moti lingagwe. Lanu, malinga ndi mmene mwafotokozera, silinafike pamenepo.

Komabe shedi yosungiramo makasu n'njosiyana ndi malo a kalipentala. Mudzakhala mukutembenuza matabwa aatali amene angagunde malata kunsi. Mudzafuna kupachika nyali, kudutsitsa mawaya, kukhoma kena kake. Lamulo lake n'limodzi: chilichonse chikhomedwe pa mitanda kapena pa khoma, pa lata ayi. Kunsi kwa malata pukutani akangaude ndi nsalu yonyowa, kenako pakani penti yosungunulira ndi madzi kawiri, pang'onopang'ono, osakwecha ndi sandipepa kapena bulashi ya waya. Penti imamata tiulusi timene tayamba kumasuka. Mukapeza ndalama, ikani siling'i yokhomera pa mitanda. Ndipo kuwala kumene mphwanu akufunako kulowere pa khoma. Boolani zenera lalikulu m'mbali, n'lotsika mtengo, ndipo kwa kalipentala kuwala kochokera m'mbali kumaonetsa bwino ngati thabwa lapalidwa mosalala. Malata oonekera ambiri amene mungawapeze mu sitolo anapindidwa motsatira malata achitsulo, mizere yake sigwirizana ndi ya malata akalewa, ndiye podzalumikiza padzadontha, ndipo mvula ya ku Mulanje mukuidziwa.

Pamwamba pa denga mwina pamera ndere zobiriwira kapena zakuda, monga zimachitikira m'madera a chinyezi ano. Zisiyeni. Kuzipala kumachotsa khungu la simenti limene lafewa ndi mvula ya zaka zonsezi, ndipo kutsuka ndi mpope wa mphamvu uja wotsukira galimoto ndiye koipitsitsa, chifukwa matope ake amamwazikira pabwalo ponse, akauma n'kusanduka fumbi. Chimodzimodzi matope a mu ngalande ya padenga, ija amisiri amati gata. Muziwachotsa ali onyowa n'kuwaika m'jumbo, osadikira aume. Madzi a mvula ochokera padengali sindiwo oopsa kwenikweni, popeza vuto lalikulu la asibesitosi lili pa kupuma osati pa kumeza, koma matope otsalira pansi pa mgolo muziwasamala ngati a mu gata aja.

Titsale ndi malata awiri ong'aluka. Ngati mng'alu ndi waung'ono ndipo lata silikugwedezeka, mutha kuumata ndi phula lomatira madenga, mukufikira muli pa makwerero kapena kunsi, n'kulisiya. Ngati lata lathyoka ndithu, lichoke lathunthu. Osadulapo, osachepetsa, osakonza m'mphepete. Ndikanakonda mutapeza munthu amene anaphunzira ntchito imeneyi, koma ndikudziwa kuti kumudzi zimathera m'manja mwa eni ake, ndiye mverani.

Choyamba si fumbi n'komwe, ndi kugwa. Lata la asibesitosi lokalamba silipindika ngati lachitsulo kuti likuchenjezeni. Limangoti phwa, munthu ali pansi. Musapondepo ngakhale pamene mukuganiza kuti pansi pake pali mtanda. Gwirani ntchito muli kunsi, mutaima pa chinthu cholimba, ndipo ngati kukwera n'kosapeweka yalani matabwa ochindikala odutsa pa mitanda ingapo n'kumayenda pa matabwapo. Tsiku la chiperoni si labwino chifukwa ndere zimaterera. Sankhani m'mawa wopanda mphepo, ana ali kusukulu. Zovala zichoke pa chingwe, ufa ndi mphale zisayanikidwe tsikulo, mazenera a nyumba atsekedwe, ndipo anansi auzidwe. Tulutsani zonse za mu shedi, pansi muyalepo pulasitiki wakuda wochindikala, uja amayala pomanga nyumba asanathire simenti ya pansi. Ngati mu shedi muli magetsi, thimitsani pa bokosi lalikulu, popeza mugwiritsa ntchito madzi.

Madziwo ndiwo chida chanu chachikulu. Thirani sopo pang'ono mu ndowa kuti madzi alowerere m'malo mongotsetsereka, n'kunyowetsa lata mbali zonse ziwiri ndi pampu yopoperera mbewu yotsukidwa bwino, kapena ndi khekhe lothirira dimba. Likayamba kuuma, nyowetsaninso. Malata amenewa kawirikawiri amamangidwa ndi mabawuti okhota ngati mbedza. Masulani ndi sipanala, ndipo amene agwira dzimbiri adulidwe kunsi ndi chodulira mabawuti kapena sowo ya zitsulo, mukudula chitsulo chokha osakhudza lata. Ngati bambo anachita kukhoma ndi misomali, pakani girisi kapena thovu lometera ndevu kuzungulira mutu wa msomali kuti tinyenyeswa tikakamire pamenepo, n'kuzula mofatsa. Popeza malata amasanjikizana m'mphepete, mufunika kumasula pang'ono oyandikana nawo kuti lothyokalo lisololoke. N'lolemera, mukhale anthu awiri kapena atatu. Lipatsiranani ndi manja mpaka pansi, osaliponya, osalikhwekhwereza pa linzake. Likangofika pansi likulungidwe mu pulasitiki kawiri, mumate ndi tepi, n'kulembapo ndi zilembo zazikulu kuti ndi asibesitosi. Pamalo pamene lachoka mutha kuvindikirapo lata lachitsulo lalitali lopitirira mbali zonse, lomangidwa pa mitanda kudzera pampata umene watsegukawo kapena m'mabowo akale, osaboola atsopano.

Pa masiki ndiye pamene ambiri amadzinamiza. Masiki ya nsalu kapena yabuluu ija tinazolowera nthawi ya Covid-19 sigwira tiulusi timeneti, ndipo mpango womanga pamphuno ndi chimodzimodzi kusavala kanthu. Funani yolembedwa FFP3, kapena ya labala yokhala ndi zosefera zolembedwa P3 kapena P100. Mukafunse m'masitolo ogulitsa zovala zodzitetezera pantchito ku Limbe kapena ku Blantyre, ndipo muwerenge nokha zimene zalembedwa pa masikiyo. Iyenera kugwira nkhope popanda mpata, ndiye ndevu zimetedwe m'mawa womwewo. Mukalephera kuipeza, ntchitoyi idikire. Lata lakhala long'aluka kuyambira Marichi 2023, silingakanike kudikira sabata zina ziwiri. Valani ovolosi yotaya mukamaliza, kapena zovala zakutha zimene simudzazifunanso, ndi majombo opanda zingwe chifukwa amatsukika mosavuta.

Pomaliza ntchito ndi pamene anthu amatayirira, atatopa, njala itawapweteka. Tsache lisagwire ntchito. Pukutani mitanda, zida ndi majombo ndi nsanza zonyowa, nsanza iliyonse kamodzi, osaitsukuluza mu ndowa n'kubwereza. Pindani pulasitiki wa pansi uja molowetsa m'kati. Vulani zovala mozitembenuza masiki ikadali kumaso, muziike m'thumba limodzi ndi nsanza zija, ndipo masiki ichoke pomalizira penipeni. Kenako kasambeni, mutu womwe. Zovala zimenezi zisapite kwa mayi kuti akachape, zisakung'unthidwe, zisapatsidwe kwa mwana wa mlongo wanu poti zikadali zabwino.

Za khola la nkhuku ndikukana. Lata lathunthu pa shedi n'lina, zidutswa pafupi ndi nthaka n'zina. M'mphepete mwa chidutswa chilichonse ndi bala lotseguka, nkhuku zimapalasa, ana amalowa kukatola mazira, ndipo kuti zidutswazo zikwane pa khola mphwanu adzafunanso kuzidula. Ndaona zidutswa zotere zikugwira ntchito zambiri zimene siziyenera: kutchingira dimba, kuvundikira dzenje la chimbudzi, kutchinga mphepo pa mafuwa, ngakhale kuotcherapo mbatata. Pamoto ndiye pali ngozi ina, chifukwa lata limeneli likatentha kwambiri limaphulika n'kumwaza tizidutswa. Chimene chinandiwawa kwambiri ndinachiona pa mudzi wina namondwe atadutsa. Anthu anatola malata osweka n'kuwaphwanyaphwanya kuti akwirire matope pa njira ya ku mjigo, mwa mtima wabwino ndithu. M'dzinja sizinaoneke vuto. Chilimwe chitafika njirayo inauma, njinga za kabaza ndi mapazi a ana zikupera zidutswazo tsiku ndi tsiku. Ku Beira nako, namondwe wa Idai atadutsa mu 2019, zidutswa za malata amenewa, amene kumeneko amawatcha lusalite, zinavutitsa kwambiri pa ntchito yochotsa zogumuka.

Ndiye akatayidwe kuti? Osati kudzala, osati mu mtsinje, osati pamoto, ndiponso osagulitsa kwa wina amene sakudziwa. Musanatsitse lata ngakhale limodzi pitani ku khonsolo ya boma la Mulanje mukafunse ku ofesi ya zachilengedwe, kapena muyambire kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti akulozereni. Pamwamba pawo pali bungwe la MEPA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017 ndipo limayang'anira za zinyalala zoopsa. Akakulolani kukwirira, dzenje likhale lakuya moti pamwamba pa mtolowo pabwere dothi losachepera mita imodzi, kutali ndi chitsime, kutali ndi munda wolimidwa, komanso pamalo pamene madzi osefukira sangakokolole. Kuno kumunsi kwa phiri tonse tinaona mmene madzi amafukulira zinthu zimene tinkayesa kuti zinakwiririka. Ikani chizindikiro pamalopo ndipo a pabanja adziwe. Ngati yankho likuchedwa, mtolo wokulungidwa bwino ukhoza kudikira pakona pamene sipafika ana. Asibesitosi wokulungidwa savulaza munthu.

Popeza bambo anagula katundu pa esiteti, yang'ananinso zina zimene zili mu shedimo musanayambe kukonza. Malata ndi mtundu wofatsa wa asibesitosi, chifukwa simenti yamugwira. Woopsa kwambiri ndi wofewa, amene amafumbutuka ndi chala: zokutira zoyera kapena zotuwa zimene ankakulunga pa mapaipi a nthunzi ndi pa maboyila a m'mafakitale akale, zingwe zoyera zotsekera zitseko za ng'anjo, timabolodi tofewa ta kuseri kwa mabokosi akale a magetsi, ndi matabwa ena a siling'i ooneka ngati choko. M'zinthu zimenezi asibesitosi amakhala wochuluka kwambiri kuposa mu lata, ndipo nthawi zina ndi wabuluu kapena wofiirira uja. Mukapeza thumba kapena paipi yokhala ndi zotere, zonse ndafotokoza pamwambazi sizikukwanira. Musazigwire, musazisunthe, tsekani chitseko n'kukauza a khonsolo. Anzanu okonza galimoto muwauzenso kuti mabuleki, makilatchi ndi magasiketi akale, ngakhale ena atsopano otchipa, amatha kukhala ndi asibesitosi. Chizolowezi chouzira fumbi la mabuleki ndi kompuresa kapena ndi pakamwa n'choipa ngati gilayinda ija. Nsanza yonyowa imagwira ntchito yomweyo.

Mukaganiza zolemba aganyu kuti akuthandizeni, auzeni chimene akugwira ndipo muwagulire masiki yofanana ndi yanu. Mnyamata wofuna ndalama ya tsikulo sangakane ntchito, ndipo sangadziwe choti afunse. Ndi iyeyo, osati inu, amene ali ndi zaka 40 zakutsogolo zoti matendawa amupezere. Ana asakhale pafupi ngakhale ongopatsira zida.

Mukamaliza zonse, tengani penti yofiira mulembe pa mtanda waukulu, pamene aliyense wolowa mu shedi angaone: ASIBESITOSI, OSADULA, OSABOOLA. Tsiku lina kudzabwera wa magetsi kudzakoka waya inu muli ku maliro kapena ku msika wa Limbuli, ndipo adzafika ndi makina ake oboolera.